Ameni wa Zadok Merwin

Ku Wexbury, aliyense amene anadyapo nyama ya nkhumba yamchere m'miyezi yachisanu anaitapa mumgolo wa Zadok Merwin. Pa ntchito ya migolo munthu uja analibe mnzake m'dera lathu lonse. Ankasema matabwa a thundu ndi diso lokha, n'kuwaimika mozungulira, n'kuwakhomerera mikombero yachitsulo mpaka ngakhale dontho la mowa wa maapozi lisapeze potulukira. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo mawu ankachita kuumira. Ukamupatsa moni ankangogwedeza mutu, nyundo osaitula.

Mawu ake ankasungira Lamulungu. Ambiri a m'tauni mwathu ankapemphera kunyumba yaikulu ya pabwalo, kumene abusa amapemphera zochokera m'mutu. Koma kutsidya kwa mlatho kunali katchalitchi ka matabwa kamene tinkangokatcha ka mfumu, chifukwa mapemphero ake anali olembedwa kale ku Mangalande, ndipo abusa ake ankachita kuwoloka nyanja kukadzozedwa komweko. Mmenemo Zadok anali kalaliki. Musaganize za kalaliki wa zolembalemba, ntchito yake inali ya pakamwa. Mabuku anali ochepa, odziwa kuwerenga ochepanso, ndiye abusa akamaliza pemphero lililonse, kalaliki, atakhala pakagome kake kunsi kwa guwa, ankayankhira mpingo wonse kuti Ameni. Enawo ankangong'ung'udza pambuyo pake. Abusa Ashcombe anali ndi chizolowezi chokoka kampweya kamodzi akatseka pemphero, ndipo kampweyako kasanathe Zadok ankakhala atabangula kale, galasi la zenera lakumpoto n'kunjenjemera. Anachita zimenezo zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Anthu ankamuseka naye Ameni wakeyo, koma kuseka kwake kunali kwa theka. Chaka china mvula inakana, chimanga n'kuyamba kupota masamba. Abusa anapempherera mvula, koma tsiku limenelo Zadok anali ndi chimfine, mawu atatsekeka. Pempherolo linangotha lokha, kuli zii, ndipo kumwamba kunakhala kuli mbee sabata yonse. Lamulungu lotsatira khosi litatseguka anayankha monga mwa masiku onse, Lachiwiri mvula inakokolola mlatho. Iye mwini nkhaniyo sankaiseka nawo, chifukwa anali ndi ina imene sankauza munthu. Mkazi wake Mehitable atadwalika, abusa anagwada pambali pa kama n'kupempha Mulungu kuti ngati nthawi yakwana amulandire. Zadok sanafune kuyankha. Koma pemphero linatha, kampweya kaja kanamveka, ndipo iye anayankha. Mehitable sanafike madzulo. Kuyambira tsiku limenelo Zadok ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti pemphero ndi matabwa ongoimikidwa, ndipo Ameni wake ndiye mkombero umene umawagwira.

Anatsala ndi ana awiri. Keziah anatenga nyumba ndi ukali wa amayi ake. Obed, abale inu, anali mnyamata wa mtima wabwino, woseka ndi aliyense, koma manja ake anali olobodoka. Zaka zisanu ndi ziwiri ali pambali pa bambo ake, mgolo uliwonse umene anapanga unkalira misozi. Tsiku lina mlimi wina anabweza mgolo pangolo, madzi amchere atatha phyu, nyama ya banja lonse itaola. Fungo linadzaza msewu, anthu n'kusonkhana. Zadok manyazi anamugwira, ndipo manyaziwo anatulukira pa mwana.

"Zipangizo izi ndidzagulitsa kwa mlendo wodutsa m'njira, koma iwe ayi," anatero pamaso pa anthu onse. "Kubadwa kwa ine si umisiri."

Obed anavula chikopa chake chovala pantchito n'kuchikoleka pamsomali. Mwezi womwewo nkhondo yolimbana ndi mfumu ya ku Mangalande inabuka kufupi ndi Boston, ng'oma zinalira pabwalo, ndipo iye anali wachitatu kulembetsa. Chikopacho chinatsala pamsomali pomwepo, osachichotsa, osachikhudza.

Mikombero ankamusulira ndi mlamu wake Gershom Alling, mlongo wake wa malemu Mehitable. Gershom anali wa tchalitchi chinacho, anali mu komiti ya tauni yoyang'anira za nkhondo, ndipo pakamwa pake sipankatera ntchentche. M'chisanu cha chaka chotsatira timabuku ndi timapepala totsutsa ufumu tinkayenda m'matumba a anthu ngati fodya, ndipo Gershom ankabwera nato kushopu pamodzi ndi zitsulo.

"Alamu, mwadzuka bwanji inu ndi mfumu yanu?"

"Mikomberoyo ikani apo, muzipita."

"Ndipita, ndipita, nanga ndagona pano? Koma tandiuzani kaye. Munthu amene mumamupempherera sabata ndi sabatayu munamuonapo?"

"Inu Mulungu munamuonapo?"

"Iii, mwafika powakhazika pabenchi limodzi! Alamu, mfumu yoyamba ya kumeneko mukuganiza kuti inatsika kumwamba pachingwe? Anali munthu wa zigawenga zambiri kuposa anzake, basi. Analanda, n'kukhala pampando, ana ake n'kuyamba kutcha kulandako kuti mwambo."

Zadok ankangokhoma. Koma tsiku lina Gershom atamutopetsa, anatula nyundo n'kugwira mgolo umene unali pakati pawo.

"Mukuona ichi? Dziko lopanda mfumu ndi mgolo wopanda mkombero. Chotsani muone. Virginia agwera uko, ife a Connecticut tigwera kuno, aliyense ndi mfuti yake. Ndiye mudzatunga chiyani?"

Gershom anaseka mpaka kutsokomola. "Mwalankhula, madala, lero mwalankhula! Nanga mkombero mwagwirawo wasulidwa kuti? Ndasula ndine, pompano, nditabwera kudzayeza mgolo wanu ndi chingwe. Mukanaitanitsa kwa munthu wa kutsidya kwa nyanja woti mgolowo sanauonepo, kalata miyezi iwiri popita, miyezi iwiri pobwera, bwenzi mukukhoma chiyani? Ukabwera wothina matabwa amasweka, inu mukudziwa kuposa ine. Mkombero tiufuna, sindikukana. Koma tiusule tokha, ukatithina tiumasule."

"Zolankhula za anthu a moto ndi utsi."

"Chabwino, imvani iyi. Inu munakaniza mwana wobala nokha nyundo ndi kasemasema chifukwa migolo yake imadontha. Munati kubadwa si umisiri, tonse tinamva. Nanga dziko lonseli, ndi minda, ndi ana athu, tizingopereka kwa munthu chifukwa choti anayamba kutuluka m'mimba ya uje? Akadontha tidzamubweza kwa yani?"

Mawu amenewo analasa pachilonda. Zadok anatembenukira chikopa chija pamsomali n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, ndipo Gershom anazindikira kuti wapitirira. Anatola chipewa chake n'kutuluka mwakachetechete, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Mfundoyo inatsala mushopumo. Zadok ankaitembenuza uku akusema, kuifunafuna podontha, koma sanapapeze. Komabe Lamulungu likafika ankakakhala pakagome kake n'kuyankha. Kuganiza kunali kwa pakati pa sabata.

Mu Julaye chikalata chinafika kuchokera ku Philadelphia, chonena kuti kuyambira tsopano tilibenso mfumu. Anachiwerenga pabwalo, mabelu analira, chikwangwani cha nyumba ya mowa chokhala ndi chisoti chachifumu anachigwetsa n'kuchiotcha. Mawa lake komiti inakhala pansi. Komiti ija, ndinene pano, inali ndi anthu anzeru awiri ndi zitsiru zisanu ndi ziwiri zokonda kuona mnzawo akuvulidwa. Wamkulu wawo anali Abner Cogswell wofufuta zikopa, amene ufulu anaudziwa dzana koma ankalankhula ngati anaubereka yekha. Anagamula kuti pemphero lopempherera mfumu ndi chimodzimodzi kupereka onga kwa adani. Abusa ndi nkhalamba, ndiponso analumbira kumvera mfumu, akaliwerenga adzangotsekeredwa m'nyumba ndipo tchalitchi chidzakhomedwa misomali. Koma woyankhayo ndi mwana wa m'tauni muno, sanalumbire kwa munthu. Ameneyo akayankha, adzaona.

Lachinayi m'mawa Zadok akupita kukasesa mutchalitchi anapeza mgolo utaimikidwa pansi pa mtengo wa pakhomo. Sanachite kuyandikira kuti auzindikire. Anaupanga yekha mu Malichi, munthu wina wokhoma mabwato kunsi kwa mtsinje atauitanitsa, mgolo wa mikombero isanu ndi umodzi, wothina kwambiri chifukwa unali wa phula. Chizindikiro chake chinali chowotchedwa pachivundikiro. Panthambi pamwamba pake panalendewera thumba, ndipo pakona yake yong'ambika pankatuluka tinthenga ta atsekwe. Tonse tinkadziwa zimene zinachitikira munthu wa msonkho wa tauni yoyandikana nayo, mmene anamuthirira phula ndi nthenga, ndi mmene khungu linasupukira pochotsa phulalo. Zadok anayendetsa chala pamkombero wa pamwamba, monga amachitira mmisiri, n'kulowa kukasesa.

Kunena zoona, mgolowo unamuumitsa mutu. Masana akudya mkate wa chimanga ndi nyemba, anauza Keziah kuti sanayambe wasiyapo pemphero lotseguka, ndipo sadzayambira pa Cogswell.

Keziah anatulutsa kalata m'thumba la diresi. Inali yochokera kwa Obed, yolembera mlongo wake, chifukwa bambo ake sankawalembera. Anali ku New York. Analemba kuti zombo za mfumu zafika, ndipo zadzaza nyanja moti milongoti yake ikuoneka ngati nkhalango yopanda masamba, ndipo tsiku lililonse zikubwera zina. Kumapeto anafunsa ngati Bambo anapeza wowathandiza kushopu.

"Bambo, tanenani pemphero la mfumu lija," anatero Keziah.

"Pa chakudya?"

"Mumalidziwa pamtima. Tanenani, pang'onopang'ono, ndimve."

Zadok analinena. Linkapempha kuti mfumu ikhale ndi moyo wautali, ikhale ndi chuma, ipatsidwe mphamvu. Kenaka linkapempha kuti igonjetse adani ake onse.

"Adani akewo ndani?"

"Afalansa," anayankha msanga. Zaka zonsezi akafika pamenepo ankaona Afalansa m'maso mwake, ndi zipewa zawo.

"Afalansa ali kuti, Bambo? Mizinga ya zombo zija yaloza ndani?"

Sipuni inaima panjira. Kalanga ine, munthu kunena mawu zaka makumi atatu osawamva! Chaka chathunthu, sabata ndi sabata, anali akukhomerera mkombero pa pemphero lopempha kuti mwana wake aponderezedwe pansi. Anawerenga masabatawo m'mutu. Kuti Obed anali adakali moyo anaona kuti n'chifukwa chakuti mtima wake unkaloza Afalansa. Tsopano anali atadziwa. Akayankhanso, adzayankha akudziwa, ndipo zombo zinali zitafika kale.

"Sindiyankha," anatero. "Phula ayi, phula sindikuliwerengera. Koma sindiyankha."

Loweruka anapita kwa abusa. Anawapeza kuseri kwa nyumba akumangirira nyemba kumitengo. Anavula chipewa n'kunena zonse, za kalata, za zombo, ngakhale za mfundo ya Gershom imene inakana kudontha.

"Mwina mlamu wanuyo akunena zoona, a Merwin," anatero abusa. "Ine sindidziwanso. Koma ndinagwira buku pamaso pa bishopu ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mfumuyo kaya ndi yabwino kaya ndi yoipa, lumbirolo ndi langa. Mawa ndiliwerenga komaliza, atseke."

"Ine ndikhala chete, abusa."

"Khalani chete. Obed ndinamubatiza ndine, mukuganiza kuti ndimagona? Koma chonde bwerani. Ndikayang'ana pansi ndione mutu wanu, ndisaone mpando wopanda munthu."

Pochokera kumeneko anadzera kwa Gershom. Wosulayo atamva anaponya mbaniro pansi n'kumugwira mapewa ndi manja amakala. "Alamu! Ndiye mgolo uja tikamatira bwato. Ndikupita pompano kwa Cogswell, ndikaika mutu wanga pa inu. Koma abale, Zadok Merwin kukhala chete mutchalitchi! Anthu adzabwera kudzamvetsera zimenezo."

Lamulungu m'mawa akuvala jekete lake lakuda, Keziah anabwera ndi kachidutswa ka thundu kochokera pansi m'shopu, kaakulu ngati chala.

"Ikani pakati pa mano pempherolo likamayandikira."

"Wayesa ndine kavalo?"

"Bambo, pakamwa panu ndimapadziwa. Tikamadya ndisanamalize kudalitsa mumakhala mutayankha kale."

"Ndine munthu wamkulu, ndanena kuti sindiyankha. Ndikakhale pamaso pa mpingo ndi mtengo kukamwa ngati galu? Taya uko."

Keziah anakataya. Mpaka ukalamba wake ankanena kuti akanangokaika m'thumba la jeketelo.

Katchalitchi kaja sikanadzazepo chotero. Mabenchi akutsogolo anali a eni ake, nkhope zili pansi. Kumbuyo ndi m'mbali mwa makoma munaima amuna a kunyumba yaikulu ya pabwalo ija, zipewa zili kumutu, ena atatsamira mfuti. Cogswell anaima pakhomo penipeni atapinda manja, Gershom ali pambali pake akutsinzinira mlamu wake diso. Kunkatentha koopsa. Mazenera anali otsegula, ndipo dzuwa litaomba mgolo uja fungo la phula linayamba kulowa pang'onopang'ono mpaka linafika kuguwa.

Mapemphero a m'mawa ndi aatali, ndipo la mfumu limabwera chakumapeto. Ena onse oyambirira analibe mlandu. Abusa ankawerenga, n'kukoka kampweya, Zadok n'kuyankha. Pemphero lolapa, Ameni. Pemphero la tsikulo, Ameni. La mtendere, Ameni. Mawu ake ankatuluka olimba ngati kale, ndipo nthawi iliyonse amuna akumbuyo ankasuntha mapazi. Podzafika patsamba lija anali atayankha kokwana khumi ndi kamodzi.

Abusa anatembenuza tsamba. Pepalalo linamveka mpaka kukhomo. Anayang'ana pansi, n'kuona mutu wa imvi wa kalaliki wawo, ndipo anayamba.

Apa ndi pamene Zadok analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha chikondi. Sanafune ngakhale kuwamva mawu aja. Anaopa kuti akawamva, akawatsatira mumtima monga ankachitira, mwina kumwamba kudzawerengera kuti wavomera. Ndiye anatsinzina, n'kutseka makutu a mumtima, n'kuthawira kwa mwana wake. Anamuona Obed ali ndi zaka zinayi, atabisala mumgolo wosamaliza, zala zikuonekera m'mipata ya matabwa, akuseka kuti Bambo sandipeza. Anamuona akukoleka chikopa pamsomali. Anayamba kukonza mawu a kalata imene adzamulembere mawa lomwelo, yomuuza kuti kushopu sanalembe munthu, malo akadalipo, kudontha kumaphunzirika. Anali kutali, ku New York, atagwira mwana wake paphewa. Mawu a abusa ankangomveka ngati mtsinje kuseri kwa phiri. Kenaka mtsinjewo unaleka, ndipo kampweya kaja kanamveka.

"Ameni!"

Galasi la zenera lakumpoto linanjenjemera. Zadok anatsegula maso n'kucheuka kufuna kuona amene wayankha. Anaona nkhope zonse zitaloza iye. Anamva kukhosi kwake kukadali kunjenjemera, ndipo pamenepo anadziwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anang'ung'udza pambuyo pake. Keziah yekha anafuula kuti "Mayo!" Pamwamba pa guwa abusa anatseka buku n'kuphimba nkhope ndi manja.

Anamutulutsa atamugwira m'khwapa, mapazi akukwekwereza, iye osalimbana nawo. Gershom ankathamanga chammbali akuchonderera.

"A Cogswell, pakamwa pamuterereka! Dzulo lomweli anandiuza yekha kuti sayankha. Munthuyu ndi wathu, mwana wake ali kunkhondo!"

"Ndiye n'chifukwa chake," anatero Cogswell. "Wamva tauni yonse. Wachita dala, kutinyoza pamaso. Tsegulani mgolowo."

Anyamata awiri amphamvu anagwira chivundikiro, koma analibe pogwira. Wina anamenya ndi tsinde la mfuti, tsindelo n'kung'aluka. Wina anatenga mwala, mwalawo unangodumpha n'kumuphwanya chala, iye n'kuyamba kuvina ndi mwendo umodzi akutukwana pakhomo pa tchalitchi. Anaugwetsa, anaugudubuza, anauimikanso. Mgolo uli phee, ngakhale kadontho. Cogswell anatuma munthu kukatenga nkhwangwa, wina n'kumukumbutsa kuti akaswa phula lonse lithera pansi. Mayi wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Kenaka anaseka wina.

Gershom anaona mpata n'kulowapo. "Mwaona, abale? Ufumu wa Mangalande tagwetsa ndi pepala limodzi, koma mgolo wa alamu anga watikanika tauni yonse! A Cogswell, tiyeni tilembere ku Philadelphia atitumizire chikalata china chotsegulira migolo."

Anthu anaseka zenizeni tsopano. Amene anagwira Zadok anamasula manja. Ena akumbuyo anayamba kuyang'ana njira ya kwawo, poti nthawi ya chakudya inali itakwana ndipo ukali sukhalitsa padzuwa lotero. Cogswell nkhope inafiira, koma ankaoneka kuti nayenso akufuna potulukira. Kukanangodutsa kanthawi kena pang'ono, nkhaniyo ikanathera pa kuseka, n'kukhala nthabwala ya m'nyumba ya mowa. Keziah anali atagwira kale dzanja la bambo ake akuwakokera kumsewu.

Zadok anachotsa dzanjalo. Kuseka konseko sanakumve. Iye ankangomva liwu lake lomwe likubwerera m'makutu, ndipo ankaona milongoti ija. Anawerama n'kutola mwala umene unagwa, ndi tsinde long'aluka la mfuti.

"Mukuwononga mgolo," anatero.

Anaika tsindelo kunsi kwa mkombero wa pamwamba n'kugogoda katatu, uku, uku ndi uku. Mkombero unakwera n'kugwera paudzu. Anagogodanso wachiwiri, matabwa anamasuka, ndipo anatulutsa chivundikiro ndi zala ziwiri n'kuchitsamiritsa bwinobwino kumtengo. Phula linali litasungunuka ndi dzuwa, lakuda bii, likunyezimira.

"Alamu, mwapenga?" ananong'ona Gershom. "Zatha izi, tiyeni kunyumba!"

Zadok anavula jekete, n'kulipinda, n'kupatsa Keziah. Anavula malaya.

"Ndapempherera imfa ya mwana wanga, ndipo ndakhoma," anatero. "Thirani."

Kuseka kunatheratu. Ndikunena ndi mkwiyo mpaka lero: panalibe ndi mmodzi amene ankafunanso kuchita chinthucho, koma mgolo unali wotsegula, anthu akuyang'ana, ndipo panalibe mwamuna amene analimba mtima kukhala woyamba kubwerera. Anachita msangamsanga, osayang'anana. Nthenga anangokhuthula thumba lonse kamodzi n'kubalalika. Zadok sanalire. Anayenda yekha kuwoloka mlatho, Keziah ali pambuyo ndi jekete, Gershom akulira ngati mwana. Phulalo analichotsa masiku atatu ndi mafuta a nkhumba, ndipo pakhosi ndi pamapewa linapita ndi khungu.

Kalata ija anailembabe, ali chigonere chafufumimba, Keziah akumugwirira pepala. Sitidziwa ngati inafika. Kumapeto kwa Ogasiti asilikali a mfumu anatsika m'zombo n'kuthyola athu pa Long Island, kufupi ndi New York. Mayina anabwera mu Seputembala, a akufa ndi a amoyo, ndipo la Obed Merwin silinali mbali iliyonse. Ena ankati anagwidwa n'kutsekeredwa m'zombo zakale zimene ankasungiramo akaidi, mmene anthu ankafa ngati ntchentche. Ena ankati anamira m'dambo pothawa. Gershom anayenda mpaka kumeneko nkhondo itatha, n'kubwerako chimanjamanja. Anthu anayesa kumuuza Zadok kuti tsiku lomwelo anafa anyamata mazana amene makolo awo sanayankhe pemphero lililonse. Iye ankagwedeza mutu, nyundo osaitula.

Anakhala zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi, akupangabe migolo yosadontha. Ufulu ankaugwirizana nawo, ndipo pa chisankho chilichonse ankapita kukavota atavala jekete lomwe lija. Tchalitchi chinatsegulidwanso abusa Ashcombe atamwalira kale, ndi mabuku atsopano opanda mfumu, ndipo anamupempha kuti abwerere pakagome kake. Anakana. Ankakhala pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo. Lamulungu lililonse m'mawa, asanatuluke, ankalowa kaye mushopu, kudutsa pansi pa chikopa chija pamsomali, n'kuwerama kutola kachidutswa ka thundu. Keziah sankachitanso kumukumbutsa.